Lumo ndi Chipeso: Mbiri ya Kuluka Tsitsi m'Dziko la Chadiza

Aphunzitsi ndi inu ana a sukulu, m'nkhani yathu ya lero tikamba za tsitsi, makamaka za kuluka tsitsi: kumene luso limeneli linachokera, ndi chimene mutu wolukidwa unali kutanthauza kwa makolo athu. Nkhaniyi taikhazika m'boma la Chadiza, dziko la mafumu Mlolo, Mwangala ndi Zingalume, amene ali pansi pa Kalonga Gawa Undi, kufupi ndi malire a Zambia ndi Mozambique. Munthu woyenda m'midzi ya kumeneko tsiku Loweruka kapena Lamulungu masana sangalephere kuona mtsikana atakhala pamphasa, mutu atatsamiritsa pa bondo la mkulu wake, kwinaku zala za mkuluyo zikuyenda m'tsitsi mwake ngati za munthu woluka dengu. Chinthu chozolowereka chotero nchosavuta kuchipeputsa. Komatu chili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo siyamba ndi chipeso ayi. Imayamba ndi lumo.

Mwa Achewa, lumo linali kumperekeza munthu kuchokera kubadwa kufikira kumanda. Mwana akabadwa anali kukhala m'chikuta pamodzi ndi amake kufikira mchombo utagwa. Tsiku lotuluka, amayi achikulire anali kummeta tsitsi lobadwa nalo, akusamala kwambiri pa liwombo, ndipo pamenepo mpamene mwanayo anali kuonetsedwa kwa anthu a pamudzi. Tsitsi loyamba lija linali la moyo wa m'mimba. Lomera pambuyo pake ndilo linali la moyo wa pakati pa anthu.

Lumo linali kubweranso pa chinamwali. Zam'tsimba sitizikamba pano, chifukwa zili ndi eni ake, anamkungwi ndi aphungu, ndipo wailesi si malo ake. Koma zimene zinali kuchitika poyera, pabwalo, tingathe kuzitchula. Katswiri wina wa za miyambo wochokera ku Japan, dzina lake Kenji Yoshida, anakhala pakati pa Achewa a m'boma la Chadiza m'zaka za m'ma 1980, ndipo analemba za chingondo, chovala cha kumutu choumbidwa ngati nyama ndi kupakidwa mawanga, chimene anamwali anali kuvina nacho chakumapeto kwa mwambo. Taonani kuti chizindikiro chachikulu cha tsikulo chinali kuikidwa pamutu, osati pamkono kapena pamwendo. Ndipo mwambo ukatha namwali anali kumetedwa mpala. Tsitsi la ubwana linali kutayidwa pamodzi ndi ubwanawo. Aliyense wokumana naye panjira, poona mutu wosalala ndi maso oyang'ana pansi, anali kudziwa kuti uyu salinso mwana wom'tuma mwachipongwe.

Kumeta kodziwika koposa ndi kwa maliro. Patapita masiku owerengeka chiikire maliro, abale anali kusonkhana m'mawa nametedwa onse, amuna ndi akazi, akulu ndi ana. Uku ndiko kumeta koyamba. Pambuyo pa miyezi ingapo, kawirikawiri anthu atakolola ndipo chimera chilipo chokwanira, anali kufulula mowa wa bona ndi kumetanso kachiwiri, pofuna kutsazikana ndi mzimu wa womwalirayo kuti upite mumtendere kwa makolo. Pakati pa kumeta kuwiriku mkazi wamasiye sanali kudzikongoletsa. Tsitsi lake linali kungokhala losapesa ndi losadzola, ndipo palibe amene anali kumseka, popeza onse anali kudziwa chimene mutu wakewo unali kunena.

Panali munthu mmodzi amene lumo silinali kumkhudza konse. Ku Msinja, pafupi ndi mapiri a Dzalanyama m'dziko la Malawi, kunali kachisi wamkulu wa mvula wa Achewa, ndipo womsunga anali mayi wotchedwa Makewana. Iyeyu sanali kumeta tsitsi lake, chifukwa anthu anali kukhulupirira kuti kudula tsitsi la Makewana ndiko kudula mvula ya dziko lonse. Ana inu mungamwetulire pakumva zimenezi, koma gwirani mfundo yake: makolo anali kuona tsitsi ngati chinthu chamoyo, chomera monga mbewu m'munda, cholumikizana ndi mphamvu ya mwini wake. Nchifukwa chake tsitsi lometedwa silinali kusiyidwa pabwalo kuti mphepo iuluze. Linali kuwoledwa ndi kukwiriridwa pobisika, kuopa kuti munthu wa mtima woipa angalitole nkuchitira mwini wake chipongwe.

Tsono tiyeni tiwerengere pamodzi. Tsitsi la munthu limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi. Kuti woluka aligwire bwino ndi zala, pafunika masentimita anayi kapena asanu. Ndiye kuti mayi wometedwa pa maliro anali kudikira miyezi inayi kapena isanu asanalukidwenso, ndipo maliro ena akagwa pakatipo, kuwerengako kunali kuyambiranso. M'masiku amene nthomba, chikuku ndi malungo zinali kutenga ana ambiri, sichinali chapafupi kuti mayi asunge tsitsi lalitali. Motero mutu wolukidwa bwino unali kunena zambiri popanda mawu: kuti pakhomo papita nthawi osamveka kulira, kuti mwini mutuwo ali bwino m'thupi, ndiponso kuti ali ndi mbale kapena bwenzi lomupatsa nthawi yake. Kuluka kunali kudzaza mpata wa pakati pa kumeta kwina ndi kwina. Munthu amene aphunzira za kuluka osaphunzira za kumeta wamva theka la nkhani.

Nanga mitu ya makolowo inali kuoneka motani pa nthawi ya mtendere? Pano tithandizidwa ndi zolemba za alendo. M'chaka cha 1859 David Livingstone anayenda pakati pa Amang'anja a ku mtsinje wa Shire, amene ndi abale athu, otuluka m'tsinde limodzi la Amaravi ndi Achewa. M'buku la ulendowo, limene linasindikizidwa mu 1865, iye anafotokoza kuti amene anali kunyadira kwambiri makonzedwe a tsitsi anali amuna. Wina anali kuliumba ngati nyanga za njati, wina kulipota kuti ligwere kumsana, wina kumeta mbali zina ndi kusiya zina kuti pamutu paoneke maluwa. Enanso anali kuligawa timagulu ting'onoting'ono ndi kukulunga kagulu kalikonse ndi luzi, kotero kuti tinali kuima njo mbali zonse za mutu. Atsikana a ku Chadiza amene mwakhala pafupi ndi wailesi muli ndi vikuti kumutu, kodi mwazindikira? Kalukidwe kanu ka ulusi wakuda kanali kuchitika kale ndi luzi la mtengo, ndipo anali kukachita ndi amuna a ndevu zawo. Anyamata amene mumaseka alongo anu polukitsa, dziwani kuti mukusekanso agogo a agogo anu.

Zipangizo zonse zinali za pamudzi pomwepo. Lumo linali kusulidwa ndi amisiri a chitsulo, omwe aja osula makasu ndi nkhwangwa. Chipeso, chimene ena amati chisakulo, chinali cha mtengo kapena cha nsungwi, cha mano otalikirana kuti chisadule tsitsi. Mafuta anali a nsatsi: amayi anali kukazinga nsatsizo, kuzisinja, ndi kuziwiritsa m'madzi kufikira mafuta atayandama pamwamba. Mikanda itayamba kufika ndi amalonda ochokera ku Tete ndi kunyanja yaikulu ya kum'mawa, inalowanso m'tsitsi.

M'Zambia momwe muno munali mitundu ina imene inapita nalo patali luso limeneli. Anyamata a Chiila a ku Namwala anali kumanga tsitsi lawo kukhala chinthu chosongoka chotchedwa isusu, chotalika pafupifupi mita imodzi. Anali kuwonjezera tsitsi la anthu ena pa lawo, ndipo kunsonga anali kulumikiza kachidutswa kopalidwa bwino ka nyanga ya mphalapala. Edwin Smith ndi Andrew Dale anafotokoza zimenezi m'buku lawo la za Aila la mu 1920. Choncho kuwonjezera tsitsi lachilendo pa lako sikunayambe ndi meshi ya m'sitolo. Kufupi kwathu kuno, anansi athu Angoni, amene anawoloka Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, anachokera kumwera kumene mwamuna wokhwima anali kusokerera mkombero wakuda m'tsitsi lake, umene Azulu amautcha isicoco. Mnyamata sanali kuuvala mwa kufuna kwake, koma mfumu ikamlola. Angoni anabwera nawo mwambowu kumpoto, koma unazimirira pang'onopang'ono, ndipo ufumu wa Mpezeni utagonjetsedwa ndi Angerezi mu 1898 zambiri za moyo wakale wa ankhondo zinatha.

Tisanalowe m'zaka za Azungu, tiime pang'ono pa funso ili: ndani anali kuloledwa kugwira mutu wa mnzake? Munthu angathe kudzisambitsa yekha, kudziveka yekha, ngakhale kudzidula zikhadabo yekha, koma kuluka bwino kunkhongo kwake nkovuta, chifukwa sakuonako. Ayenera kupereka mutu wake kwa wina, kukhala pansi, kumfulatira, ndi kupirira kwa maola awiri kapena atatu. Ndipo popeza tsitsi linali kuopedwa kuti lingagwiritsidwe ntchito yoipa, mutu sunali kuperekedwa kwa munthu wamba. Anali kuluka ndi amayi, agogo, achemwali, amayi aang'ono, kapena bwenzi la pamtima. M'midzi ya Chichewa, mmene akazi a mbumba imodzi amakhala moyandikana ndipo amuna ndiwo amabwera kudzakhala chikamwini, oluka sanali kusowa. Nthawi yolukayo ndiyo inali nthawi ya malangizo. Mwana amene mutu wake uli m'manja mwa agogo ake sangathawe, ndipo mawu ovuta kunena maso ndi maso amatuluka mosavuta pamene wonena ali kumbuyo. Atsikana ambiri anamva za mitundu ya makolo awo, za ulemu kwa apongozi, ndi za anyamata oyenera kuwapewa, ali chikhalire pamphasa, khosi litawerama. Pamenepa panalibe malipiro a ndalama. Wolukidwa lero anali kudzaluka mawa.

Zinthu zinayamba kusintha amishoni ndi boma la Azungu atafika. A mpingo wa Dutch Reformed anatsegula Magwero mu 1899, Madzimoyo mu 1903, ndi Nsadzu, m'dziko la Chadiza momwemo, mu 1908. Sukulu zawo zinabweretsa kuwerenga ndi kulemba, zimene tikuzithokoza mpaka lero. Zinabweretsanso maganizo atsopano pa za mutu. Mwana wa sukulu anayenera kukhala ndi tsitsi lalifupi, pa chifukwa chomveka cha nsabwe ndi zipere. Mayi wa mpingo anayenera kuvala duku. Ndipo miyambo ya chinamwali ndi ya bona inayesedwa yachikunja. Amuna opita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ku migodi ya Johannesburg, ndi pambuyo pake ku Copperbelt, anabwerako atazolowera kumeta kwa sizasi ndi kung'amba seda. M'mibadwo iwiri yokha, luso limene Livingstone analiona pamitu ya amuna linasanduka la akazi okha. Lumo nalonso linasintha ntchito. Kale linali kunena kuti munthu walowa m'gawo latsopano la moyo. Tsopano linayamba kunenanso kuti munthu ali pansi pa lamulo la sukulu, la usilikali kapena la ndende.

Kalukidwe kamene tikuona lero kanafika m'njira zambiri. Ulusi wakuda wa m'masitolo a ku Fort Jameson, amene tsopano ndi Chipata, unalowa m'malo mwa luzi. Akazi obwerera kumudzi kuchokera ku Lusaka ndi ku Copperbelt anabwera ndi mitundu imene anaiona kwa Abemba, kwa akazi a ku Congo, ndi kwa amalonda a kumadzulo kwa Afirika. Maina enieniwo akuchitira umboni: mukule, kaluke kogona pamutu m'mizere ngati ya m'munda, ndi vikuti, zimene Abemba amati fikuti, ndi mawu omveka m'dziko lonse la Zambia. Ayoruba a ku Nigeria nawo ali ndi mitundu yonse iwiri, ya zala zokha ndi ya ulusi, ndipo wojambula zithunzi wa kumeneko, J. D. 'Okhai Ojeikere, kuyambira mu 1968 anajambula mitundu ya kalukidwe pafupifupi 1,000 kuti isaiwalike. Motero olakwa ndi awiri: wonena kuti kuluka nkwachilendo, ndi wonena kuti zonse zimene tikuluka lero ndi za makolo a Chichewa. Muzu ngwathu, koma nthambi zina nzomezanitsa.

Panali nthawi imene tsitsi lathu lopotana linayamba kuchitidwa manyazi. Atsikana anali kuliwongola ndi chipeso cha chitsulo chootcha pamoto, ena ndi chitini cha makala, ndipo makutu ambiri anapsa. Kenaka kunabwera mankhwala owongolera tsitsi ndi mawigi. Koma m'zaka zomwezo za kumenyera ufulu, woimba wa ku South Africa Miriam Makeba anali kuima pamaso pa anthu a ku Ulaya ndi ku America ndi tsitsi lake lachibadwa, ndipo ambiri anatengera chitsanzo chake. Tsitsi lopotana lili ndi khalidwe lake: mafuta a pakhungu la mutu savuta kuyenda m'tsitsi lowongoka, koma m'lopotana amayenda movutikira, kotero limauma msanga, limapiringizana ndi kuduka. Kuluka kumalisonkhanitsa pamodzi ndi kuliteteza ku dzuwa, ku fumbi ndi ku chipeso cha tsiku ndi tsiku. Agogo aja odzola nsatsi ndi kuluka anali kuchita chimene tsitsi lotere limafuna. Lero meshi yambiri imapangidwa m'mafakitale ndi ulusi wa pulasitiki, ndipo kuluka kwasanduka ntchito ya ndalama. Pa msika wa pa boma la Chadiza, monga m'misika ina yonse, pali amayi amene amagula mayunifomu ndi makope a ana awo ndi zala zawo. Imeneyi ndi ntchito yolemekezeka. Chokhacho chimene chatayika nchakuti woluka wolipidwa sapereka malangizo a agogo.

Maboma nawo analowerera pa nkhani ya tsitsi. Ku Malawi, m'zaka za m'ma 1970, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo alendo ena anali kumetedwa asanaloledwe kulowa m'dzikomo. Lamulolo linatha pamodzi ndi ulamuliro wa chipani chimodzi. Ndipo mu May 2023 bwalo lalikulu la milandu ku Zomba linagamula kuti sukulu za boma zisakanize ana a Chirasta kuphunzira chifukwa cha tsitsi lawo lopota. Kuchokera kwa Makewana kufikira ku bwalo la ku Zomba, tsitsi losameta lakhala nkhani ya chikhulupiriro.

Tsopano mawu kwa inu aphunzitsi, popeza ndinu muyang'ana mitu makumi asanu kapena asanu ndi limodzi m'mawa uliwonse. Sukulu zambiri zimafuna tsitsi lalifupi kapena mukule wosawonjezera kanthu, ndipo lamuloli lili ndi ubwino wake: mwana wa wosauka ndi wa wolemera amaoneka chimodzimodzi, ndipo nsabwe zimaoneka msanga. Koma musanatenge sizasi, funsani. Mtsikana amene wabwera Lolemba ali mpala kapena wachokera ku maliro a amake. Wina amene tsitsi lake lakhala sabata zitatu losapesa kapena alibe womuluka, chifukwa amene anali kumuluka ali gone m'chipatala. Kumeta mwana kanjira pakati pamutu pamaso pa anzake, monga aphunzitsi ena amachitira polanga, ndi chinthu choipa, ndipo m'dziko limene lumo limakumbutsa maliro nchoipa kawiri. Makolo akadzabwera ku ofesi atakwiya, musadzadabwe. Itanani kholo, kambiranani, ndipo kumetako kukachitikire kunyumba.

Pa za ukhondo pali zitatu zimene ana ayenera kumva. Kuluka kothina kwambiri, kofika potulutsa timatuza m'mphepete mwa mphumi ndi kumletsa mwana tulo, kumazula tsitsi ndi mizu yomwe, ndipo kukachitika kawirikawiri tsitsi la kutsogolo silimeranso. Chipeso chobwerekana chimasamutsa nsabwe ndi zipere. Lumo limodzi lometera mudzi wonse, monga zinali kuchitikira pa maliro akale, lingathe kupatsirana matenda oyenda m'magazi, kuphatikizapo kachilombo ka HIV. Mabanja ambiri tsopano amagula lezala la munthu aliyense payekha, ena amangodula katsitsi pang'ono pamphumi, ndipo mwambo umakwanira ndithu.

Ntchito ya sabata ino ndi iyi. Mwana aliyense apite kwa munthu wachikulire koposa wa m'mudzi mwawo, agwade monga mwa ulemu, ndi kufunsa kuti: "Agogo, kodi muli mtsikana munali kuluka motani, ndipo anali kukulukani ndani?" Anyamata afunse agogo aamuna za kametedwe ka paunyamata wawo. Lembani maina a mitunduyo monga mmene agogowo awatchulira, ngakhale mawuwo akhale achilendo m'makutu mwanu, ndipo jambulani chithunzi cha mutu uliwonse, cha kutsogolo ndi cha kunkhongo. Aphunzitsi musonkhanitse mapepalawo, mulembe pa lililonse dzina la mudzi, la mfumu ndi chaka, ndi kuwasoka pamodzi kukhala buku la kalasi. Sukulu za kwa Mlolo zikasinthana mabukuwo ndi za kwa Zingalume kapena za kwa Mwangala, muone ngati maina a kalukidwe akufanana.